Nsanja ya Agogo Anu

Inu ana, adzukulu anga, ndikudziwa kuti simunabadwe. Amene adzakuberekeniwo nawonso akadali makanda. Tawonga wangoyamba kumene sukulu, Lusungu ndi uyu wagona pamphasa apa, kamimba pamtunda. Koma ndati ndiyambiretu ugogo lero lomwe, poti za mawa sindizidziwa. Musaseke. Agogo anune mano ali onse, imvi palibe ndi imodzi yomwe, ndikadutsa pamsika anyamata a kabaza amandiimbirabe mluzu. Ugogo wanga ndi wa mantha, si wa zaka.

Ndikulemba mothamanga, diso lina papepala lina kumsewu, chifukwa apongozi anga a NyaKumwenda apita kuchigayo ndipo sachedwa. Nkhani ndi iyi. Mwamuna wanga, agogo anu aamuna, anamwalira. Abale awo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndikhala pakhomo pano mpaka Lusungu atasiya bere. Akadzangosiya, ine ulendo wa kwathu ku Dedza, ana atsale, poti ng'ombe zinaperekedwa. Ndiye inu mukamadzakula pano pa Katowo, za ine mudzazimva kwa ena, ndipo ndikudziwa chimene adzakuonetseni. Adzakuonetsani kakanema ka pafoni, mkazi akukuwa pansi pa nsanja, anthu akuseka. Mkaziyo ndine. Imvani kaye kwa mwiniwake.

Kuno ndinabwera ndili kamtsikana, pamwamba pa lole, titakhalira mitolo ya zovala ndi mapoto. Bambo anga anabwera kudzachita utenanti pa esiteti ina ya fodya. Njira yonse ndinkasanza, amayi akundipukuta ndi masamba amene ankathyola lole ikaima. Inu a masiku anu mwina fodya mudzangomumva m'nkhani. Ife tinkamusoka. Unkakhala pansi m'chigafa, ndiyo shedi ya mitengo yoyanikamo fodya, masamba mulu apo, iwe kusoka, kupachika, kusoka, kupachika, manja mpaka bii ndi utomoni, ukagwira mbatata inkawawa. Ndiwo zake nyemba zofumbwa za kwa bwana, zikatha chisoso. Bambo akakumba mbewa tinkawotcha mobisa kuseri, chifukwa ana a kuno ankatinena kuti odya mbewa. Ndipo zinkakoma, musanamizidwe.

Mmenemo m'chigafa ndi mmene ndinamva koyamba za nsanja. Bambo ankainena tulo tikayamba kutigwira masana, kuti manja asaime. Amati kalekale anthu anapangana zokamuona Chauta, akamufunse chifukwa chake amagawa mvula mokondera. Anadula mitengo, kumanga, kukwera, kumanga, kukwera. Mitengo inatha. A pamwamba anakuwa kuti tumizani ina! A pansi anati yatha. A pamwamba anati zulani ya pansiyo mutipatse, ife kuno tatsala pang'ono. Ndiye anazuladi. Bambo akafika pamenepo ankalavula n'kunena kuti, "Okwera amafa akutchulidwa maina. Ogwirira pansi amangofa."

Nditayamba Sande sukulu ndinaimvanso, koma itavala zina. Kumeneko nsanja inali ya njerwa, malowo Babele, ndipo siinagwe ndi kuzula mitengo ayi, Mulungu anangosokoneza zinenero, mmisiri n'kulephera kumvana ndi womupatsira matope. Aphunzitsi akanena za zinenero zosokonekerazo, ana onse ankatembenuka kuyang'ana ife ana a matenanti, tili kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ine ndinkangoti aphunzitsi aiphonya nkhani ya bambo anga. Sukulu ndinalekera kupulayimale komweko, Chitumbuka ndinachiphunzira, koma lilime silibisa kwawo. Kwathu ndine Naphiri, kuno anandisandutsa NyaPhiri, ndinavomera.

Agogo anu aamuna, dzina lawo Wongani, ndinakumana nawo pa vidiyo sho. Ha, inu simudzaidziwa imeneyo! Kanyumba ka mabango ndi pulasitiki yakuda, mabenchi a masilabu, jenereta ikulira kuseri, m'katimo fungo la thukuta ndi nzimbe. Iwo ndiwo ankaima pambali pa sikirini kumasulira zimene azungu akunena, ndipo ndikhulupirira theka ankangopeka. Ndinkagulitsa chimanga chootcha pakhomo pake.

"Iwe NyaPhiri, wadya mbewa zingati lero?"

"Zambiri kuposa makasitomala anu."

Anaseka mpaka kutsamira mabango, ndipo kuyambira tsikulo ndinkalowa ulere. Ankakonda makanema a mizinda yofika m'mitambo, olemera akukhala pamwamba, osauka pansi mumdima, kumapeto zonse phwa! Akamasulira ankati, "Mwaiona? Ndi ija ya ku Sande sukulu, angoiveka magalasi." Ndipo ankati tsiku lina adzajambula yawo, ya kuno, anthu aleke kuonera nsanja za eni.

Za ukwati ndinene mwachidule. Kwathu mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi. Kuno amalowola. Ng'ombe zitabwera bambo anga anazizungulira, kuzisisita, munthu amene moyo wake wonse sanawetepo ndi mbuzi yomwe. Amayi okha ndiwo anandikokera kuseri kwa bafa.

"Ng'ombe izi sizikugula iwe, mwana wanga. Zikugula amene sanalowe n'komwe m'mimba mwako."

Ndinati amayi ndi achikale. Chaka chomwecho anabwerera ku Dedza, ine n'kutsala.

Zaka zoyamba zinali zabwino, ndisaname. Tawonga anabadwa. Apongozi anandiphunzitsa kufulula chindongwa, thobwa la kuno, ndipo akakondwa ankandiitana kuti mwana wanga. Kenaka mafoni anapha vidiyo sho, aliyense sikirini yake m'thumba, jenereta inachita dzimbiri. Agogo anu anabwerera kumunda, akulima koma maso ali kwina. Ndiye anabwera akulu awo, alamu anga a Chawanangwa, kuchokera kutauni, ndi foni ya kamera yabwino ndi mawu ambiri. Anasonkhanitsa achinyamata a kutchalitchi, akuti tiyambe gulu la masewero, tiziika pafoni, dziko lonse lidziwe kuti kuli Katowo. Sewero loyamba, nsanja. Agogo anu sanagone nazo tulo. Usiku ndi usana nsanja, nsanja, akudya nsanja, akusamba nsanja.

Inali nyengo ya dzuwa, fodya atagulitsidwa. Anaphwasula chigafa chakale cha apongozi aamuna, mitengo n'kukaimika pabwalo la mpira, kumanga ndi luzi ndi linya, mpaka inapitirira mtengo wa mango umene uli pamenepo. Tsiku lojambula kunadza anthu ngati kuli ukwati. Ine ndinangopita kukapereka chindongwa, Lusungu ali khanda kumsana. A Chawanangwa atandiona anawomba m'manja.

"Mlamu! Inu ndiye Mulungu watitumizira. Imani apa, patsinde."

"Ine ayi, alamu, ndili ndi mwana."

"Mwanayo ndiye akometsa. Tamverani nonse! Ndikaimba wezulo koyamba, ndiye kuti Mulungu wasokoneza zinenero. Mlamu ayambe Chichewa chawo, chilichonse, mokweza. Inu nonse musamve kanthu. Amene aonetse kuti wamva watiwonongera kanema. Osasiya mpaka wezulo wachiwiri."

Ndinayang'ana agogo anu. Anali atavala nsalu yoyala pabedi langa ndi chisoti cha katoni, iwo ndiwo mfumu ya omanga.

"Amake Tawonga, ndi masewera chabe. Mutchuka kuposa ife."

Ana inu, mvetsani apa. Pabwalo limenelo panalibe munthu wosamva Chichewa. Amachiphunzira kusukulu, amachimva pawailesi, amagula nacho tomato. Sanasokonezedwe ndi Mulungu aliyense. Anangouzidwa kuti asamve.

Wezulo analira. Ndinayamba ndi zopusa, ndiwo zapserera, bwerani mudzadye, mbuzi zalowa m'munda. Anthu kuseka. Anyamata pansanja kutambasula manja, kuyang'anana, kupukusa mitu. Nanenso ndinayamba kumva kukoma, ndisabise. Kenaka ndinamva kuti tswa, pafupi ndi phazi langa. Mtengo wa pangodya unali utang'aluka cha pansi, fumbi loyera likutuluka ngati ufa. Ndinauona ukupindika pang'onopang'ono.

"Tsikani! Ikugwa! Bambo a Tawonga, tsikani, ikugwa!"

Anthu anaseka kuposa poyamba. Agogo anu, ali pamwamba penipeni, anaika dzanja kukhutu, kusuzumira pansi, kukweza mapewa monga anaphunzitsirana. Anachita bwino zedi, anali ndi luso munthu uja. Ndinasiya Chichewa, ndinakuwa m'Chitumbuka, "Khirani! Yikuwa!" Apo ndiye ena anagwa pansi ndi phwete, akuti tamverani Chitumbuka cha mbewa. Ndinathamangira kwa a Chawanangwa, kuwagwira mkono, iwo n'kundikankha ndi chigongono, diso lili pafoni, wezulo ali pakamwa.

"Mukugwedeza foni, mlamu! Pitirizani, zikukoma chomene."

Wezulo wachiwiri sanalire.

Anyamata a m'munsi anadumpha, anangosupuka. Agogo anu anagwa chagada pamitengo. Tinawanyamula pa matola kupita kuchipatala cha ku boma, ine nditagwira mutu wawo pamiyendo, fumbi la msewu likulowa m'kamwa mwawo. Anakhala masiku pang'ono. Atatsegula maso ndinkayembekeza kuti afunsa za ana. Anandifunsa kuti, "Anajambula?" Ndinati eya. Anamwetulira. Ndiwo mawu awo amene ndinatsala nawo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndiwakhululukire.

Amene anaika kanemayo pafoni za anthu sadziwika. A Chawanangwa amati foni inabwerekedwa pamaliro. Koma nkhata za pamanda zisanafote, mawu anga anali paliponse. Wina anadula pogwera penipeni, n'kusiya ine ndikukuwa, n'kuikamo ng'oma. Tsikani, ikugwa, tsikani, ikugwa. Makondakitala a matola anayamba kutsitsa nawo anthu. Kumpira timu ikagoletsedwa, tsikani, ikugwa. Kuukwati amayi akuvina chotsika mpaka pansi. Msuweni wa agogo anu amene amagwira ntchito kumalo oonera nyama zakutchire ku Kazuni anati ngakhale alendo anawaonetsa, anaseka osamva ndi liwu lomwe. Mlaliki wina wa pamsika ankaimika foni m'mwamba, akuti onani Babele wa pa Katowo, onani malipiro a kudzikuza, anthu n'kumaponya zopereka. Katowo anadziwikadi.

Kale nkhani inkafa ndi oinena. Bambo anga akatseka pakamwa, nsanja yawo inkatha, ife n'kupitiriza kusoka. Za masiku ano sizifa. Mwamuna wanga amakwera nsanja ija tsiku lililonse m'matumba a anthu, ndipo tsiku lililonse ine ndimamuchenjeza, iye n'kuika dzanja kukhutu.

Choopsa chinali tsiku limene Tawonga anabwera kuchokera kosewera akuvina, manja m'chiuno, akutsika pansi, tsikani, ikugwa. Sankadziwa kuti ndi mawu a amake, sankadziwa kuti amene akuuzidwayo ndi atate ake. "Amama, taonani, ndikutha!" Ndinalowa m'nyumba n'kuluma pilo.

Pakhomo pano napo panagawika. Apongozi aamuna analeka kudyera mbale imodzi ndi a Chawanangwa. Gulu la masewero linang'ambika pawiri, ena akuti kanema ndi wathu, ena akuti ndi wathu, ndipo ndinamva kuti gulu linalo likufunafuna mkazi wina Mchewa wodziwa kukuwa. Kutchalitchi akulu ampingo anakangana, ena akuti masewero athe, ena akuti ndi ulaliki. Aliyense akulankhula, palibe womva mnzake, onse Chitumbuka chimodzimodzi. Koma anthu akagawikana amafuna munthu mmodzi woti onse amuloze, kuti zala zawo zipezenso kolowera kumodzi. Anapeza ine. Amene anayamba ndi apongozi aakazi, pamtondo, osandiyang'ana.

"Nsanja inaima bwinobwino m'mawa wonse. Munthu akuti ikugwa, ikugwa, ndiye yagwadi. Anaiitana ndani?"

Pamsonkhano wa banja amene analankhula ndi abambo aakulu a agogo anu, mphunzitsi wopuma, munthu wa tayi ndi mawu ofewa.

"Mkamwana, palibe amene akukuthamangitsani. Koma mitima pano yavulala, ndipo nkhope yanu ikukumbutsa anthu. Mukadali mwana, mukakwatiwanso. Ana ndi a pano, mwambo mukuudziwa. Wamng'onoyu atsirize kaye kuyamwa, ife si nyama."

Ndinagwada, ndinati, "Yewo, adada. Nanga amene anali ndi wezulo pakamwa, nkhope yawo sikukumbutsa?"

A Chawanangwa ankakanda foni ndi chala. Apongozi aakazi anati, "Mwamva pakamwa pake? Ndi pomwepo." Msonkhano unathera pamenepo.

Namwino wina kusikelo anandinong'oneza kuti boma silola zimenezi, ndikadandaule. Mwina n'zoona. Koma ndikakasuma m'mawa, madzulo ndidzagona m'nyumba ya yani, ndidzatunga madzi pamjigo wa yani? Mboni zanga ndi ziti, anthu omwe aja ankaseka? Amayi anga ali kutali, bambo anamwalira. Ndinangogwira chimene ndinali nacho, bere.

Ndiye nkhondo yathu ine ndi apongozi yakhala ya pakamwa pa mwana. Iwo mandasi, nthochi, tiyi wa shuga wambiri, kumutenga m'mamawa kupita naye kumunda kuti aiwale. Ine kutafuna mtedza, chinangwa chachiwisi, kumwa chindongwa mpaka mimba ndi ndi ndi, kuti mkaka usaphwe. Amayi anzanga amapaka tsabola kubere kuti mwana asiye, ine ndimapaka shuga, ndimabisa m'kapepala m'chiuno. Mwana akuyenda, akuthamanga, mano ali mbwee, akundiluma mpaka magazi, ine osalira. Kumjigo amandinena.

"NyaPhiri, mwana wa ndevu akuyamwabe?"

"Adzapita nalo kusekondale ameneyo, mudzamuikire m'chikwama."

Ndimaseka nawo, nditani. Koma ndimaona zonse. Ndimaona mmene akuchepetsera, amangogwira pang'ono n'kuyang'ana nkhuku. Ndimaona apongozi akusuzumira pazenera ndikamuika pamiyendo. Dzulo anangonyambita shuga n'kutsika. Dikirani, ndamva mawu kumsewu.

Ndabweranso. Dzuwa lapendeka, mundikhululukire zilembo.

Anali apongozi, ufa pamutu. Lusungu anadzuka ndi phokoso la chitseko. Ndinamunyamula msanga, kukhala pakhonde poonekera, kumuika kubere. Anatembenuza mutu. Ndinamutembenuzira kwina, anandikankha ndi manja onse awiri, kutsetsereka, kuthamangira kwa agogo ake n'kugwira chitenje chawo. "Gogo, bala." Bala ndiye phala m'Chitumbuka. Apongozi anatula ufa mosafulumira.

"Wayamwa lero, mkamwana?"

"Eya, amama. M'mawa."

Anaitana Tawonga, amene anali atangofika ndi yunifolomu yake yaikulu ija.

"Tawonga, mlongosi wako wayamwa m'mawa?"

Mwanayo anandiyang'ana. Sindinamuuzepo kanthu, Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa n'komwe kuti akudziwa.

"Wayamwa chomene, agogo. Ndinaona ndine."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuuza kuti akasinthe zovala. Atachoka anabwera kudzaima patsogolo panga.

"Finyani ndione."

Ndinafinya. Ndinafinya mpaka misozi, ili ndi linali. Panangotuluka timadzi tosakwana kunyowetsa chala. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena akuwa kuitana anthu. Sanatero. Anakhala pansi pambali panga, pafumbi, munthu wamkulu, n'kugwira chifuwa chawo.

"Awa nawonso anayamwitsa. Amene anayamwa apa ndinamuika m'dothi."

Lusungu ankasewera ndi ulusi wa thumba la ufa pakati pathu. Mumtima ndinati mwina, mwina. Kenaka anadzuka, kusasa chitenje.

"Matola a Loweruka amadutsa m'mawa. Ndikuikirani nyemba."

Ndiye masana onse ndakhala kuseri kwa nyumba ndi Tawonga, kumuphunzitsa kubereka mwana. Agogo ake msana unatha, ndipo Lusungu akalira safuna kunyamulidwa m'manja, amafuna kumsana. Ndati werama, wawerama. Ndamukweza, mwana wolemera ngati thumba, miyendo ikufika m'mawondo mwa mlongo wake. Ndati nsalu ipite pansi pa matako, koka, ya pamwamba idutse m'khwapa, manga pachifuwa, kokanso. Wapepesuka, wagwira khoma, mfundo yamasuka. Tayambiranso. Yamasukanso. Sanandifunse chifukwa chake tikuphunzira lero, ndipo ine sindinamuuze, tangoyang'ana nsalu tonse awiri. Manja ake ndi aang'ono, koma Loweruka lisanafike igwira, ndionetsetsa.

Inu amene mudzabadwe kwa Tawonga, mukadzamva nsalu itakugwirani bwino kumsana kwa amayi anu, osaterereka ngakhale athamange, musadzalire. Mfundoyo ndi yanga.